Tisanamuombere M'manja

Ntchito mwandipatsayi ndi yodzitchera ndekha msampha. Mwati ndidzakambe za mmene tingasankhire munthu wodzalankhula pa msonkhano ndi mmene tingamuyezere akamaliza, kutanthauza kuti sikelo imene ndikupatseni lero, woyamba kukwerapo ndine ndemwe. Palibe kanthu. Wotchi ndaiika patebulopa, ndipo a mlembi andilonjeza kuti zikatsala mphindi 5 akweza kapepala.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka china ndinali mlembi wa komiti yokonza msonkhano wapachaka wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza. Vuto lathu aliyense ankalidziwa. Mamembala ankatenga mbewu pangongole ku kopaletivi, koma akakolola ankakagulitsa kwa mavenda kunja kusanache, moti lole ya wogula wamkulu amene tinagwirizana naye inkabwerera ndi matumba owerengeka. Koma titakhala pansi ngati komiti, nkhani imeneyo sitinaikhudze n'komwe. Tinangofunsana kuti ndani angatidzazire holo. Mnyamata wina anatulutsa foni n'kutionetsa kavidiyo ka mphindi imodzi ka bambo wina wa m'tauni, atavala suti yonyezimira, anthu akumuimirira. Tonse tinati ameneyo ndiye.

Tsiku litakwana, bambo aja anafika 11 koloko m'malo mwa 9 koloko. Tinataya mphindi zina makumi awiri tikusaka chingwe cha pulojekita, jenereta ikungomwa mafuta. Zithunzi zawo zinali za m'Chingerezi, ndipo dzuwa lolowera pazenera linazifafaniza zonse. Komabe pakamwa anali nawo, ndisawanamizire. Anasimba za chiwombankhanga chimene chinakulira m'khola la nkhuku n'kumadziona ngati nkhuku. Anati aliyense atembenukire mnzake amuuze kuti ndiwe chiwombankhanga. Holo yonse inagwa ndi phwete, amayi analiza nthungululu, a wapampando athu mpaka anapukuta misozi. Nthawi ya mafunso itafika, mlendo anatinong'oneza kuti akudikiridwa kwina. Msungichuma anapereka envelopu, galimoto inali italizidwa kale.

Tikutulutsa mabenchi, mayi wina wachikulire amene anabwera atabereka mdzukulu anandikoka malaya. "A mlembi," anatero, "abambo aja alankhula bwino zedi. Koma ati soya wathu chaka chino tikagulitse kuti?"

Ndinasowa choyankha. Patapita miyezi ingapo ndinaona bambo omwe aja pa Facebook akulankhula kwa anamwino. Chiwombankhanga chomwe chija, khola lomwe lija. Ndinakwiya, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti iwo sanatibere. Anatigulitsa katundu amene anali naye. Ife ndi amene tinapita kumsika osadziwa chimene tikukagula.

Ndiye funso loyamba la komiti lisakhale lakuti tiitane ndani. Dzina libwere pambuyo. Poyamba mulembe papepala, m'chiganizo chimodzi, chimene mukufuna kuti anthu akachite akatuluka m'holomo chimene sankachita kale. Mukalephera kulemba chiganizo chimenecho, simunakonzeke kuitana munthu, ndipo mwina simukufunikanso wolankhula ayi. Mwina mukufunika kuti mamembala akhale pansi akambirane okhaokha. Ife tikanalemba kuti tikufuna mamembala amvetse kusiyana kwa ndalama ya venda ya lero ndi ndalama ya kopaletivi ya mwezi wamawa, ndipo anene poyera chimene chimawathamangitsira kwa venda, palibe akanatulutsa kavidiyo kaja. Tikanasaka mlimi wa kopaletivi ina imene inadutsa m'vuto lomweli n'kulithetsa.

Pano ndisiyanitseko anthu amene timakonda kuwasakaniza. Mlendo wolemekezeka ndi wina. Iye timamuitanira udindo wake, kuti apereke ulemu ku mwambo, adule riboni, atolankhani abwere, ndipo kawirikawiri mawu amene amawerenga amalemberedwa ndi ena, nthawi zina ndi ife tomwe. Wotsogolera mwambo, amene tonse timangoti MC, ndi winanso. Luso lake ndi kusunga nthawi, kulumikiza zigawo ndi kudzutsa anthu, ndipo pa ukwati timamuyeza ndi kulemera kwa beseni la perekaniperekani. Wolankhula wamkulu ndi wachitatu, ndiye amene wanyamula uthenga wa tsikulo. Ndaonapo makomiti akutenga MC wotchuka wa maukwati kuti akaphunzitse za kasungidwe ka mabuku a ndalama chifukwa choti amaseketsa. Ndaonaponso akusiyira uthenga wonse wa msonkhano m'manja mwa mlendo wolemekezeka, iye n'kutumiza womuimira amene walandira pepala ali m'galimoto.

Pali nkhani yakale ya ku America imene anthu ophunzitsa kalankhulidwe amaikonda, koma ndimaona kuti amaisimba mbali imodzi. Pa 19 Novembala 1863 kunali mwambo wopatula manda a asilikali ku Gettysburg, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati. Wolankhula wamkulu anali Edward Everett, amene anakhalapo mkulu wa yunivesite ya Harvard komanso bwanamkubwa wa Massachusetts, katswiri wodziwika dziko lonse. Analankhula maola awiri. Pulezidenti Abraham Lincoln anaitanidwa kuti angonena mawu ochepa, ndipo analankhula pafupifupi mphindi ziwiri, mawu osafika 300. Lero ana asukulu kumeneko amaloweza a Lincoln, a Everett sawerengedwa. Everett yemweyo m'mawa mwake analembera Lincoln kalata yovomereza kuti mphindi ziwirizo zinafika pa tsinde la nkhani kuposa maola ake awiri. Phunziro limene anthu amatolapo ndi lakuti kufupikitsa n'kwabwino, ndipo sindikutsutsa. Koma ife okonza misonkhano tionenso china. Mwambowo unakonzedwa kuti uchitike mu Okutobala. Everett atalandira kalata yomuitana anayankha kuti nthawi yachepa kuti akonzekere mokwanira, ndipo okonza anasuntha tsiku. Katswiri wa msinkhu umenewo anapempha masabata owonjezera kuti afufuze za nkhondoyo asanaime pamaso pa anthu oferedwa. Ndiye munthu amene mwamuimbira foni Lachinayi, asanafunse ngakhale mutu wa nkhani n'kukuuzani kuti ngakhale mawa afika, muzimuopa. Ameneyo ali ndi chiwombankhanga chake m'chikwama.

Ichi ndicho chizindikiro chimene ine ndimachidalira kuposa zonse: kodi munthuyo akufunsa mafunso? Wolankhula weniweni amatopetsa mlembi. Amafuna kudziwa kuti kubwera anthu angati, amayi ndi angati, achinyamata alipo kapena ayi, ambiri anafika kalasi yanji, chaka chatha analankhula ndani ndipo ananena chiyani, pali mkangano wanji m'gulumo umene sayenera kuuponda. Amapempha lipoti la chaka chatha kuti awerenge. Ena amapempha kuti acheze kaye ndi mamembala awiri atatu pafoni. Amene funso lake loyamba ndi lomaliza lili pa envelopu ndi chipinda chogona, wakuuzani kale mtundu wa ntchito imene adzagwire.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, pali zinthu zimene mamembala sangamve kwa wapampando wawo koma amamva kwa munthu wakunja. Koma onani kuti mwambiwu ukutama kalumo, osati suti. Mu Juni 2007 ku Arusha, m'dziko la Tanzania, kunali msonkhano wa TEDGlobal, kumene kunafika anthu a maphunziro ndi a chuma ochokera m'mayiko ambiri. Pakati pawo panaima William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ali ndi zaka 19, amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake. Chingerezi chake pa nthawiyo chinali chodukaduka ndipo mantha ankaonekera. Mukanamuyeza ndi sikelo ya pakamwa, sakanalowa pa ndandanda ya aliyense. Okonza msonkhanowo anaona kuti mnyamatayu ali ndi chinthu chenicheni chimene anachipanga ndi manja ake, ndipo anamukonzera njira. Sanamusiye yekha pa nsanja kuti alakatule. Chris Anderson, mkulu wa TED pa nthawiyo, anaima naye n'kumamufunsa mafunso afupiafupi, zithunzi za makina aja zikuoneka kumbuyo. Zinatenga mphindi zochepa chabe, koma anthu a m'holomo anadzipereka kumulipirira sukulu. Mu 2009 anakaimanso pa TEDGlobal ku Oxford, ulendo uno akulankhula yekha.

Nkhani imeneyi ndimaiganizira nthawi zonse komiti ikakana munthu wodziwa ntchito chifukwa choti ndi wamanyazi. Mlimi uja wa kopaletivi ina, namwino amene wakhala zaka zambiri pa chipatala cha kumudzi, mayi amene anayamba ndi banki m'khonde lero ali ndi chigayo, ambiri mwa anthu amenewa mukawapatsa maikolofoni kwa ola lathunthu adzanjenjemera. Akhazikeni pampando, pambali pawo pakhale munthu wodziwa kufunsa, mudzadabwa zimene zidzatuluke. Kusankha wolankhula kumaphatikiza kusankha mmene adzalankhulire, ndipo imeneyo ndi ntchito yathu, si yake.

Tsopano tinene kuti mwapeza mayina awiri kapena atatu. Musaweruze ndi kavidiyo ka pa WhatsApp kapena TikTok. Kameneko kanadulidwa dala pamene anthu anaseka. Chikomekome cha mkuyu. Ngati n'kotheka, mmodzi wa komiti akamumvere kumene akulankhula, akakhale kumbuyo kwenikweni, asakayang'ane wolankhulayo koma omvera. Pakadutsa mphindi makumi awiri mafoni ayamba kutuluka m'matumba? Anthu akulemba kanthu? Ndipo adikire nthawi ya mafunso, chifukwa pamenepo mpamene zoloweza zimathera. Munthu wodziwa nkhani yake funso lovuta limamukondweretsa, ndipo akapanda kudziwa amanena kuti sakudziwa. Woloweza amabwereza nthabwala kapena amayamba kulalikira wofunsayo.

Kenako imbirani amene anamuitanapo kale. Musaimbire wapampando wawo, iye adzateteza chisankho chake. Imbirani mlembi kapena msungichuma, anthu amene anavutika naye. Afunseni ngati anafika pa nthawi yake, ngati anamaliza pa nthawi yake, ngati mtengo unasintha tsiku litayandikira, ndiponso ngati angamuitanenso ndi ndalama za m'thumba mwawo. Mumvetsere kwambiri kachetechete amene amabwera funso lomalizali lisanayankhidwe. Za maudindo a kutsogolo kwa dzina ndingonena pang'ono. Masiku ano madokotala achuluka kuposa odwala. Si chipongwe kufunsa kuti digiriyo inachokera ku sukulu iti ndipo ndi ya chiyani, ndipo ya sukulu za m'dziko muno bungwe la National Council for Higher Education limatulutsa mndandanda wa zovomerezeka. Amene anaivutikira amayankha mosangalala.

Chilankhulo ndi nkhani imene timaichita manyazi, ndipo manyaziwo amatidyera ndalama. Timaganiza kuti msonkhano wa m'Chingerezi ndiwo wapamwamba, ngakhale theka la holo likungogwedeza mutu mwaulemu. Achikulire muno mukukumbukira kuti Kamuzu Banda ankalankhula Chingerezi pa misonkhano yake, mawu n'kufika kwa anthu kudzera mwa womasulira, a John Msonthi, kenako a John Tembo. Womasulira pamenepo sanali wokongoletsa mwambo. Chimene anthu ankapita nacho kunyumba chinali chotuluka pakamwa pa iyeyo. Ndiye ngati wolankhula wanu afunika womasulira, musankheni womasulirayo mosamala ngati mmene mwasankhira wolankhula, mum'patse zolemba dzulo lake, awiriwo akumane asanakwere pa nsanja, ndipo mudziwe kuti nkhani ya mphindi 30 idzadya ola lathunthu. Kutola mphunzitsi wa pafupi m'mawa wa tsikulo n'kumuuza kuti aphunzitsi tathandizani, ndi kumulakwira iye ndi omvera omwe. Komanso Chichewa sichikwanira paliponse. Msonkhano wa kumidzi ya ku Mangochi, ya ku Mzimba kapena ya ku Nsanje, funsani eni dera ngati Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena sichingafike bwino pamtima. Ndipo mumuuziretu mlendo wanu amene adzakhale m'holomo. Nthabwala yonyoza mtundu wa anthu, amayi, chipembedzo kapena chipani, iye adzainena n'kukwera galimoto, otsala ndi moto ndinu.

Tifike pa ndalama. Chilichonse chilembedwe, ngakhale munthuyo ndi wa mpingo wanu kapena mlamu wa a wapampando, makamaka akakhala mlamu wa a wapampando. Tsamba limodzi ndi lokwanira: tsiku, malo, nthawi yofika, mutu, kutalika kwa nkhani, ndiponso kuti adzakhalapo pa mafunso. Mtengo ulembedwe momveka kuti mafuta a galimoto, malo ogona ndi chakudya zili momwemo kapena ndi zapadera, komanso kuti msonkho wa MRA udulidwa pa ndalama yomweyo kapena ayi, chifukwa mikangano yambiri imene ndaiona imabukira pa tebulo la msungichuma mlendo atawerenga n'kupeza kuti zaperewera. Musalipire zonse patsogolo. Gawo lina lidikire ntchito itagwiridwa. Mulembenso chimene chidzachitike iye akalephera kubwera kapena inu mukasintha tsiku, ngati akuloledwa kugulitsa mabuku ake kapena kuitanira anthu ku bizinesi yake, ndiponso ngati inu mukuloledwa kumujambula n'kumwaza vidiyoyo. Ndinakhalapo pa msonkhano wina pamene theka la nthawi ya mlendo linathera pa kutsatsa mankhwala azitsamba a m'mabotolo, okonza akungoyang'ana pansi chifukwa sanamuletse.

Inu a mabungwe akuluakulu amene mumapita kunyanja ku Mangochi kapena ku BICC ku Lilongwe n'kuitanitsa wolankhula wa kunja, ganizirani za ndalama imene mwagwirizanamo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti munagwirizana ndi munthu pa madola 2,000 mu Okutobala. Bajeti yanu inali ndi K2.36 miliyoni, koma tsiku lolipira mukufunika K3.4 miliyoni, tikiti ya ndege ndi hotela tisanawerenge, ndipo madolawo muyenera kuwapeza kaye kubanki. Sindikuti tisamaitane akunja. Ndikuti tidzifunse ngati tikugula nzeru imene kuno kulibe, kapena tikugula chithunzi choika pa chikalata choitanira anthu.

Wodzalankhula mwaulere ndiye wovuta kwambiri, chifukwa palibe amalimba mtima kumukwezera kapepala. Iyenso mulemberaneni.

Pa tsikulo, zambiri zimene timati wolankhula walephera zimakhala zolephera zathu. Tamuika 2 koloko masana anthu atangodya nsima. Olankhula asanu amene amutsogolera aliyense watchula maudindo a anthu onse a kutsogolo kuyambira kwa a gulupu, ndipo ola lake latsala mphindi 15. Womudziwitsa kwa anthu wawerenga mbiri yake yonse kuyambira ku pulayimale. Zokuzira mawu sizinayesedwe. TED imapatsa wolankhula aliyense, kaya ndi wotchuka bwanji, mphindi zosapitirira 18, ndipo wotchi imakhala patsogolo pake. Ife sitikuyenera kutengera nambala imeneyo, koma tisankhe munthu mmodzi wosunga nthawi amene saopa nkhope, ndipo mlendo amudziwe asanayambe.

Ndatsala ndi mbali imene ambiri sitiichita n'komwe, kuyeza. Mu 1959 Donald Kirkpatrick, wa ku yunivesite ya Wisconsin ku America, analongosola masitepe anayi oyezera maphunziro, ndipo mpaka lero ophunzitsa anthu pantchito amawagwiritsabe. Sitepe ya pansi penipeni ndi yakuti anthu asangalala kapena ayi. Pamwamba pake pali yakuti aphunzirapo chiyani, kenako yakuti asintha kachitidwe kawo, ndipo pamwamba pa zonse pali zotsatira zimene bungwe likuziona. Ife timathera pa sitepe yoyamba, ndipo ngakhale imeneyo timaiyeza mokhota. M'manja timaombera aliyense. Ndife anthu aulemu, sitingamusiye mlendo akhale pansi mwa zii. Holo yodzaza nayo simanena zambiri ngati pali alawansi ndi chakudya chamasana. Ndipo taonani nthawi imene timagawira mafomu aja ofunsa kuti msonkhano unali bwanji: 4 koloko, anthu ali kale pamzere wosainira alawansi, basi ikudikira panja. Ndani angalembe kuti sanapindule kanthu, dzanja lina likulandira envelopu? Aliyense amachonga "zabwino kwambiri" kuyambira pamwamba mpaka pansi, ife n'kulemba mu lipoti kuti msonkhano unayenda bwino.

Sinthani funsolo. M'malo mofunsa ngati anasangalala, afunseni alembe chinthu chimodzi chimene amva lero chimene sankachidziwa, ndi chinthu chimodzi chimene akachite. Mapepala agawidwe mlendo akangomaliza, asalembepo mayina. Amene satha kulemba afunsidwe pakamwa ndi munthu amene si wa komiti. Mukatolera, yalani mapepalawo pambali pa chiganizo chija munalemba poyamba. Anthu makumi asanu akalemba zinthu makumi asanu zosiyana, kapena ambiri akangolemba kuti tilimbikire, ndiye kuti uthenga sunafike. Ife tikanachita zimenezi chaka chija, mapepala onse akanadzaza ndi ziwombankhanga, ndipo tikanadziwa tsiku lomwelo.

Pakapita miyezi itatu, mlembi aimbire foni anthu khumi otoledwa mwachisawawa pa kaundula, osati abwenzi ake, awafunse ngati chinthu chija anachichita, ndipo ngati sanachite chinawaletsa n'chiyani. Kenako tsegulani mabuku anu. Matumba olowa m'nyumba yosungira katundu achuluka? Ngongole zikubwezedwa? Apa tichitenso chilungamo kwa wolankhula. Ola limodzi silingagonjetse ng'amba, kapena venda wobwera ndi ndalama m'manja pamene kopaletivi ikulipira patatha masabata asanu ndi limodzi mwana atathamangitsidwa kale kusukulu. Nthawi zina kuyezako kumaulula kuti mlendo anagwira ntchito yake bwinobwino, chokhota chili m'bungwe mwathu. Kwathu kuja tinadzazindikira mochedwa kuti yankho la funso la mayi uja silinali pakamwa pa mlendo aliyense. Linali pa tsiku limene msungichuma amalipira.

Zimene mwapeza mumuuze wolankhulayo, zokoma ndi zowawa zomwe. Wabwino adzakuthokozani ndipo ena amachita kufunsa okha. Ndipo muzilembe m'buku lachikuto cholimba limene lizikhala ndi mlembi: dzina, mutu, mtengo, nthawi imene anafika, zimene anthu analemba, zimene zinapezeka patatha miyezi itatu. Makomiti athu amasintha chaka ndi chaka, atsopano n'kuyambiranso pa kavidiyo ka pafoni. Ndikudziwa zimenezi chifukwa patapita zaka zingapo nditachoka pa ulembi, ndinamva kuti komiti yatsopano ya kopaletivi ija yaitananso bambo omwe aja.

A mlembi akweza kapepala, ndakaona. Mapepala amene akuzungulirawo ali ndi mafunso awiri aja, musalembepo dzina. Ndapempha a mlembi kuti pakatha miyezi itatu adzaimbire ena mwa inu, ndipo zimene adzapeze adzanditumizire. A wapampando, galimoto yanga sinalizidwe. Ndikhala pompano kudikira mafunso.